Chiliza cha Munthu Wamoyo

Mukafunsa Amalawi a ku Germantown, kuno ku America, kuti mayi Marjorie Kadzuwa ndi ndani, akuuzani zinthu ziwiri: kuti ndi mayi wosatopa, komanso kuti pamaliro sakhala pomwe pakuimbidwa nyimbo. Zonse ziwiri n'zoona.

Zaka zawo zakwana makumi asanu ndi awiri, koma kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi amadzuka m'mamawa, kuliza kagalimoto kawo kotopa kaja, n'kukalimbana ndi mdipiti wa magalimoto mpaka kutauni ya Falls Church, kumene amasamalira gogo wina wachizungu amene sadzukanso pabedi. Kumusambitsa, kumutembenuza, kumumwetsa phala ndi supuni, kumusinthira zofunda iye ali gone pompo. Anzawo a ntchito imeneyi amangolira msana, iwo ayi. Mwana wawo Patience, amene ndi nesi ndipo ndiye anawaitanitsa kuno bambo ake atamwalira, walankhula mpaka kukamwa kuuma kuti apumeko. Iwo amangoti, "Ndipume ndadwala?"

Mpingo wathu umasonkhana Lamlungu masana, m'holo yobwereka, eni tchalitchi akamaliza mapemphero awo. Timakhala Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, kusakaniza malankhulidwe mpaka osadziwanso kuti mawu awa ndi a ku Lusaka kapena a ku Ntcheu. Mayi Marjorie amakhala mpando wachiwiri kutsogolo, ndipo mawu oimbira ali nawo, asakunamizeni. Koma uthenga wa zovuta ukangofika kuchokera kumudzi, anthu n'kusonkhana kwa oferedwa kuti awapepese, iwo amafika koyambirira ndi mapoto awo, kulunjika kukhitchini, kutsegula mpopi wa madzi kwambiri, ndipo satulukamo mpaka nyimbo yomaliza itatha. Amayi anzawo amawanena poyera: "Inu amake Patience, kodi nyimbo imaluma?" Iwo amangoseka n'kumatsuka mbale yotsuka kale.

Ukawafunsa kwawo amati, "Ku Lilongwe, ku Kawale." Ku Kawale, abale! Ndani ali ndi manda a makolo ake ku Kawale? Koma munthu wamkulu sum'panikiza, ndiye anthu anazolowera kuti ndi mmene alili. Ngakhale Patience ankangodziwa kuti amayi ake anakula ali amasiye ndipo kwawo kunatha anthu.

Zoona zake ndi izi. Mayiwa sanabadwe Marjorie, ndipo sanabadwire m'Malawi. Anabadwa Esinati, m'mudzi wa Kambalame, m'mapiri a kutsidya kwa Dedza, dziko la Mozambique lili m'manja mwa Apwitikizi. Ndipo ku manda a mudzi umenewo kuli mtumbira wawo.

Chinali chaka cha 1972, Esinati ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Nkhondo itafika m'derali, asilikali a Chipwitikizi anagumula midzi n'kusonkhanitsa anthu onse m'msasa umodzi wozingidwa ndi waya waminga, kuti asamadyetse anyamata omenyera ufulu amene anali m'mapiri. Chipata chinali chimodzi. Popita kumunda kukuwerengani, pobwera kukuwerenganinso. Ngakhale chimanga chokazinga chomanga pansonga ya chitenje ankachimasula n'kuchitaya pansi.

M'msasamo munali kampingo kopanda m'busa, kopempherera m'chisakasa cha udzu. Ankakatsogolera ndi a Gelesomu, mkulu wa mpingo wamfupi, wachibwibwi, amene pemphero lake linkatalika chifukwa cha chibwibwicho mpaka ana kugona. Munthu wooneka ngati sangaphe ndi nkhuku yomwe. Koma anyamata a m'mapiriwo ambiri anali ana a mpingo womwewo, ena anawaphunzitsa kalasi ya ubatizo ndi iwo omwe, ndipo mbiri inkafika kuti akudya mizu ndi kufa ndi malungo. A Gelesomu anayang'ana chipata chija miyezi ingapo n'kuona chinthu chimodzi: asilikali ankawerenga amoyo okha. Wakufa sankamuwerenga, ndipo mphasa ya maliro sankaitsegula, poti kamwazi anali atapha kale anthu angapo m'msasamo ndipo aliyense ankaopa. Manda anali kunja kwa waya, m'nkhalango yowirira, kumunsi kwa phiri.

Nthawi yomweyo mkulu wina wa asilikali anatumiza mawu kwa amayi a Esinati kuti mtsikanayo azikachapa zovala kumsasa kwawo kuyambira mwezi wamawa. Atsikana awiri anali atapitako kale kokachapako. Anabwerako osalankhula, ndipo palibe anawafunsa.

Ndiye a Gelesomu anakhala pansi ndi amayi a Esinati, amayi atatu a Chigwirizano ndi adzukulu anayi okumba manda, mmodzi mwa iwo ali Morton, mwana wa a Gelesomu omwewo. Anagwirizana kuti Esinati adwale kamwazi masiku atatu, lachinayi amwalire. Onse anaika dzanja pa Baibulo kuti sadzauza munthu. Esinati anafunsa funso limodzi: "Nanga achemwali anga?" A Gelesomu anapukusa mutu. Dyna, mkulu wake wa Esinati, anali atakwatiwa ndi Bisenti, mwamuna amene Apwitikizi anam'patsa mfuti ndi chipewa kuti azilondera pachipata. "Mka-mkazi ndi mwamuna amafunda chimodzi," anatero a Gelesomu. "Asadziwe."

Koma Dyna ndiye anamulera Esinati. Ndiye ankamubereka kumbuyo amayi akapita kumunda, ndiye anam'phunzitsa kusenza mtsuko osagwira, ndiye ankamumenyera nkhondo kuchitsime. Masiku atatu a matenda abodzawo anabwera pakhomo m'mawa ndi madzulo ndi phala la mchere, amayi a Chigwirizano n'kumamubweza kuti matendawa ndi opatsirana. Esinati ali m'nyumba ankamva mawu ake akuchonderera kuti angomuona phazi lokha.

Tsiku la maliro amayi aja anamugoneka pamphasa. Anamuzunguliza timatumba ta ufa umene akhristu ankapatula dzanja limodzilimodzi, ati wa odwala, ndi mchere, ndi mapiritsi a malungo amene mayi wina ankasunga m'chitini. Anamusiyira kampata ka mpweya kumutu, kukulunga, kumanga ndi luzi, kuika pachithatha. Mpingo unayamba nyimbo, ulendo wa kumanda n'kuyambika dzuwa lili pamutu.

Inu, kodi munamvapo maliro anu omwe? Esinati anawamva onse. Anamva dzina lake likutchulidwa m'pemphero. Anamva amayi ake akulira kulira kwenikweni, poti ngakhale ankadziwa, mwana anali kupitadi. Ndipo atafika pachipata, chithatha chitaima kuti asilikali awerenge anthu, anamva Dyna akukuwa kukuwa kumene sanakumvepo chibadwire, kenako thupi likugwa pansi, phi! Dyna anadzigwetsa, kugubuduzika m'fumbi kuseri kwa chithatha, kukwawa, kudziguguda, akuitana dzina la mng'ono wake. Asilikali ena anaseka. Bisenti anamukalipira kuti adzuke akumuchititsa manyazi. Dyna sanadzuke, anakwawabe choncho mpaka chithatha chinadutsa mtunda ndithu. Esinati ali m'mphasa analuma chitenje kuti asayankhe.

Kumanda a Gelesomu anaimitsa khamu lonse kunja kwa nkhalango chifukwa cha matenda aja. Analowa adzukulu okha. M'kati anamasula mphasa, kutulutsa mtsikana ndi katundu, kukulungamo thunthu la nthochi, kukwirira. Anyamata awiri a m'phiri anali akudikira m'tchire. Anasenza ufa, ndipo patatha masiku atatu mmodzi anamuwolotsa Esinati malire n'kumusiya kwa akulu a mpingo a mbali ya Dedza. Iwowo ndiwo anamulembera kalata ya umembala m'dzina la Marjorie. Akuti maliro otere anachitikanso kangapo nkhondo isanathe, ndipo asilikali sanatulukire.

Mpaka pamenepa Esinati alibe mlandu. Mlandu wake unayamba pambuyo, ndipo iwo eni amaudziwa bwino.

Apwitikizi atachoka, Esinati akanatha kubwerera kwawo. Koma anali atangokwatiwa kumene ndi bambo Kadzuwa, kalaliki wa ku Lilongwe amene ankadziwa kuti wakwatira mwana wamasiye wa ku Dedza. Anati adikire pang'ono. Kenako kunabuka nkhondo yachiwiri, ya abale okhaokha, njira n'kutsekeka. A Gelesomu anamwalira, amayi a Chigwirizano aja anamwazikana. Morton yekha, amene anathawira ku Dedza n'kukhazikika komweko ndi ntchito ya ukalipentala, ndiye ankawapatsira mbiri. M'chaka cha 1994 anafika yekha ku Kawale kudzanena kuti amayi a Esinati atsikira kuli chete kwa Kambalame, maliro mawa. Mayi Marjorie ananamiza amuna awo, kukwera basi, kufika mpaka pamalire. Ndiye anaima pamenepo. Anaganiza za anthu akubalalika pasiwa poona munthu amene anamuika m'manda akulowa ndi chikwama. Anaganiza za mapepala awo, za amuna awo. Koma chachikulu, ankaopa nkhope ya Dyna. Munthu amene anagubuduzika m'fumbi chifukwa cha iwe, ungamuuze bwanji kuti zonse zija zinali sewero, ndipo sanauzidwe chifukwa sankamukhulupirira? Anagula mbatatesi ya m'mbale pamsika wa pamalirepo n'kukwera basi yobwerera. Chinthu chimenechi chimawachititsa manyazi mpaka lero.

Chaka chilichonse chowonjezera chinkapangitsa kuti kulankhula kuvutirevutire. Anabwera ku America, kuphunzira kuyendetsa galimoto ali ndi imvi, kusamalira nkhalamba za eni ake zisanu ndi imodzi mpaka kuzitseka maso. Morton ankaimba kamodzi pachaka, nthawi ya Khirisimasi: Dyna ali bwino, Bisenti anamwalira, Dyna wadwala bondo, Dyna ali ndi zidzukulu khumi. Iwo ankangoti, "Zikomo, achimwene," n'kutseka foni.

Chaka chino Morton anaimba mu Ogasiti. Linali Lachiwiri m'mawa, mayi Marjorie ali ku Falls Church akupinda zofunda za gogo uja. Ataona dzina pafoni anangoganiza kuti Dyna wamwalira, poti foni ya Morton yosakhala ya Khirisimasi ingakhale ya chiyani?

"Ayi, sanamwalire," anatero Morton, mawu ake atakalamba kwambiri. "Koma mverani, mlongo. A Dyna akumanga ziliza. Cha amayi anu, ndi chanu. Simenti yafika, njerwa zawotchedwa, chimera cha thobwa aviika kale. Mwambo ndi Loweruka lomaliza la mwezi uno, ndipo aitana mpingo wonse. Anachita kubwera okha kuno ku Dedza ndi bondo lawolo kudzandiuza ineyo, ati poti ndine ndatsala mwa adzukulu amene anakumba manda aja."

"Ndiye munawayankha chiyani?"

"Ndiyankhe chiyani? Ndinalumbira pa Baibulo. Koma ine ndakalamba, mlongo, shuga wandimaliza. Ndikapita ine palibenso munthu pansi pano amene angakuchitireni umboni kuti ndinu Esinati. Chiliza chija chikamangidwa, abusa n'kuchipempherera, basi mwafa zenizeni. Nambala ya mdzukulu wawo ndikutumizirani. Chitani nayo chimene mukufuna."

Anaisunga nambalayo masiku asanu ndi anayi. Ankaitsegula pamaloboti, m'sitolo, pokonzekera kugona, n'kuitsekanso. Mumtima mwawo munali mawu ena okoma kwambiri, onena kuti asiyeni achemwali amange, apumule, bala linapola kale, bwanji kulitokosa? Mawu amenewa anawadziwa bwino. Ndi omwe aja anawakweza basi yobwerera pamalire.

Lamlungu la sabata imeneyo mnyamata wina wa mumpingo, Hopeson, anaferedwa bambo ake ku Mzimba, anthu n'kusonkhana kwake titaweruka. Mayi Marjorie monga mwa masiku onse analowa kukhitchini n'kutsegula mpopi. Koma nyumba za ku Germantown zipupa zake ndi zopyapyala. Kuchipinda chochezera kunali mlongo wake wa Hopeson, amene mapepala ake sanakonzeke ndipo sakanatha kupita kukaika bambo ake, akulira kuti, "Ndikanangowaona, ndikanangowaona kamodzi." Mayi Marjorie anatseka mpopi. Anaima pamenepo manja ali nyowe, n'kudzifunsa kuti iwo chowaletsa n'chiyani, pasipoti ili m'kabati, munthu wawo ali moyo.

Lachinayi anapempha mnzawo kuti awagwirire shifiti. Patience atapita kuntchito, anakhala patebulo la kukhitchini n'kuimba. Kuno inali naini koloko m'mawa, kwa Kambalame dzuwa litapendeka. Anayankha mnyamata, kenako kunamveka mapazi, nkhuku, chitseko, ndi mawu a mayi wokalamba akufunsa kuti ndani.

Mawu onse amene anakonza anathawa. "Achemwali," anatero. "Ndine... ndine Esinati. Musaope, si mzukwa ayi. Sindinafe."



"Masiku asanu ndi anayi," anatero Dyna. "Ndinamuuza Morton Lolemba la sabata yatha, ndikudziwa anakuimbira m'mawa mwake. Masiku asanu ndi anayi ukuganiza chiyani, iwe?"

"Achemwali... mumadziwa?"

"Ha! Ukundifunsa ine? Kodi maliro amatuluka ufa? Amayi a Chigwirizano aja kupemphera ankatha, koma kusoka thumba ayi. Titaima pachipata paja ndinaona kamzere koyera kakutsika kuchokera m'mphasa, pa dothi lofiira lija, pafupi penipeni ndi nsapato za Bisenti. Ukuganiza ndinadzigwetseranji? Ndinafufuta ufa uja ndi mimba yangayi, ndi maondo, mpaka pokhotera. Chitenje changa chimodzi chokhacho chinang'ambika pakati."

Mayi Marjorie anagwira m'mphepete mwa tebulo. Zaka makumi asanu ndi zitatu akumva kukuwa kuja m'makutu, akuthawa nyimbo, akutsuka mbale zotsuka kale.

"Ndipo simunawauze alamu?"

"Ndinagona naye nyumba imodzi zaka makumi atatu, wapita kumanda osadziwa. Akulu a mpingo anandiyesa mkazi wa mlonda, woti sangasunge mawu. Chabwino, inali nkhondo, ndinawakhululukira. Amayi sindinawafunse, ndinkaona kuti lumbiro likuwalemera. Ndinkati nkhondo ikatha mwana wathu abwera. Inatha. Ndinati ina ija ikatha. Inathanso. Tsiku la maliro a amayi ndinakhala poyang'ana njira, ndinauza adzukulu adikire, mpaka anthu anayamba kudandaula kuti dzuwa likulowa. Iwe unali kuti?"

"Ndinafika pamalire, achemwali. Ndinabwerera. Ndinkaopa inu."

"Unkaopa ine." Dyna anaseka kuseka kosakoma. "Ine amene ndinakubereka kumbuyo."

Mayi Marjorie analira ngati kamwana, osabisa, osadziteteza. Anapepesa, napepesanso. Dyna anawasiya alire, sanawatonthoze.

"Tamvera tsono," anatero pomaliza. "Chiliza chija sindikumangira thunthu la nthochi, sindine wopusa. Ndikumangira mng'ono wanga amene ndatopa kumudikira. Mmisiri anandifunsa chaka choti alembe, ndamuuza asiye kaye malo. Ukapanda kubwera alemba 1994, poti kwa ine unamwalira tsiku la maliro a amayi. Ukabwera, njerwa zako ndimangira khola la mbuzi. Za anthu usade nkhawa, ndidzaimirira ndekha m'tchalitchi n'kuwauza amene anafufuta ufa. Wothawa athawe."

"Ndibwera, achemwali."

"Usandiuze, ndamva zambiri. Ndidzaona ndi maso." Kunamveka ngati akufuna kubweza foni kwa mdzukulu, kenako mawu anabwereranso, atatsika pang'ono. "Kodi unanenepa? Unali kamunthu kouma."

"Ndinanenepa."

"Chabwino. Ubwere ndi chitenje. Changa chija palibe anandibwezera."

Patience anafika madzulo ali wotopa, yunifomu ili m'thupi, n'kupeza sutikesi yaikulu ili yasa pabalaza, amayi ake atakhala pansi pakati pa zitenje zawo zonse, akutenga ichi, kuchiyang'ana, kuchiika pambali, kutenga china.

"Mom, what's going on? Mukupita kuti?"

"Kumudzi. Undipezere ndege ya sabata yamawa, isapitirire Lachiwiri."

"Kumudzi kuti? Si munati kwanu kunatha anthu?"

"Ndinanama, mwana wanga. Ndili ndi achemwali anga, amayi ako aakulu, ndipo andidikira mokwanira." Anasuntha zitenje n'kumupatsa malo pambali pawo. "Vula nsapatozo ukhale pansi, ndikuuze za maliro anga."